Mukafuna kuphunzira kujambula malo ndi penti panja kuno ku Joni

Abale amene mukufuna kulowa maphunziro ojambula mitengo, madzi ndi mapiri pa tchuthi cha Disembala, musanalipire funsani kaye nthawi imene gulu limatuluka. Akanena kuti masana, pemphani gulu la m'mawa. Miyezi imeneyi mvula ya ku Johannesburg imakonda kubwera chakumasana, ya mabingu ndi mphezi, ndipo kukhala pamtetete nthawi yotero n'kudziika pangozi. Yambani 7 koloko, pofika 11 muzilongedza.

Ongoyamba kumene, Emmarentia Dam ikukwanirani. Polowa salipiritsa, mithunzi ilipo yambiri, madzi ake ndi odekha. Sankhani mtengo umodzi ndi kagombe kake basi, musalimbane ndi damu lonse. Amene dzanja linazolowera pitani ku Walter Sisulu National Botanical Garden ku Roodepoort. Kumeneko mumalipira, koma mathithi a Witpoortjie ndi thanthwe limene ziwombankhanga zakuda zimamangapo chisa zidzakuphunzitsani zambiri.

Chimene ambiri sachidziwa n'chakuti mzinda uno uli pamtunda, mamita oposa 1,700, choncho dzuwa limabaya. Penti ya acrylic, ija yosungunula ndi madzi, imayamba kuuma pa burashi musanamalize n'komwe kusakaniza mtundu. Tengani kabotolo kopopera madzi, muzifinya penti pang'onopang'ono, pepala likhale pamthunzi kuti lisakuthobweni m'maso. Mithunzi ya mitengo ilembeni ndi pensulo mukangofika, chifukwa pakatha ola imodzi imakhala itasuntha, ndipo mukamaitsatira chithunzi chimasokonekera.

Chipewa musaiwale. Muziyenda awiri kapena atatu, chifukwa maso akakhala pa pepala chikwama sichikhala ndi mlonda.