Mmene mungalowere mu kafukufuku wolipidwa muli pa koleji kuno ku Mzuzu

Anzanga amene muli pa Mzuzu Technical, amene mukupanga dipuloma ku St John of God, ngakhale inu a m'makoleji a luso a m'madera aja boma linayamba kutsegula mu 2015 kuyambira pa Ngara ku Karonga, kafukufuku wolipidwa si wa ana a digiri okha ayi. Vuto ndi loti malo ake sawalengeza kawirikawiri, amapita kwa munthu amene lekichala akumudziwa kale, ndiye ntchito yanu yaikulu ndi yoti mudziwike ndalama zisanabwere.

Ndiyambe ndi malinki amene amazungulira pa WhatsApp aja. Ambiri amakhala a REU, pulogalamu ya ku America imene imalipiridwa ndi National Science Foundation (NSF). Ndi yeniyeni ndithu, wophunzira amakhala masabata 8 mpaka 10 akugwira ntchito ndi pulofesa, kumupatsa ndalama ndi pogona, ndipo amalimbikitsa kwambiri ana a makoleji a zaka ziwiri kuti afunsire. Koma ndalama za NSF zo ndi za nzika za ku America kapena okhala ndi green card basi. Ngati muli ndi m'bale kumeneko mutumizireni, inuyo musathere bandulo pamenepo. Chimene mungatengepo ndi kayendedwe ka ndalamako, chifukwa nkofanana ndi kuno: opereka ndalama sapatsa wophunzira mwachindunji, amapereka ku yunivesite m'dzina la lekichala amene analemba pulojekiti, ndipo mkati mwa bajeti yake mumakhala ndalama za otolera deta, omasulira, olemba zojambulidwa, oyika zipangizo. Inuyo mukufuna mulowe pamenepo.

Ndiye funso nkumati ndani ali ndi pulojekiti panopa? Pa Mzuni ku Luwinga pali senta ya za madzi ndi ukhondo, pali TCRET ya zamagetsi a sola ndi zina zotero, pali a zankhalango amene amapita ku Chikangawa, a zansomba amene amatsikira ku Nkhata Bay. Kunja kwa Mzuni kuli Lunyangwa ya zaulimi mommuno mu tawuni, kuli MEIRU ku Chilumba imene yakhala zaka zambiri ikuchita kafukufuku wa zaumoyo, komanso malekichala a ku Unilia. Lowani pa Google Scholar, lembani Mzuzu University ndi nkhani imene mukuphunzira, muone amene atulutsa pepala zaka ziwiri zapitazi. Tsegulani pepalalo mutsike mmunsi penipeni pamene amathokoza anthu, pamenepo amalemba amene anapereka ndalama, nthawi zina ndi nambala ya giranti yomwe. Munthu amene akuthokoza NCST, bungwe la boma loona za sayansi ndi kafukufuku, kapena bungwe lakunja m'mapepala angapo motsatizana, ameneyo ndi wofunika kumupeza. Ngati bandulo yavuta, ku American Corner pa Mzuni pompo kumathandiza.

Ndipo a zamanja musadzichepetse. Munthu wa digiri atha kulemba bwino za mijigo koma osadziwa kumasula pampu, atha kulemba za sola koma kuyika mita yoyezera magetsi pa batire nkumusowa. Pulojekiti yoyeza madzi a m'zitsime za ku Masasa, Chibavi kapena Mchengautuwa imafuna wa pulambing'i amene akudziwa kumene paipi imadutsa, ndipo luso limeneli muzilitchula poyamba penipeni mukamadzifotokoza, osalibisa kumapeto ngati chinthu chochititsa manyazi.

Musanapite kukagogoda, konzani zinthu ziwiri zimene sizifuna ndalama. Choyamba KoboToolbox, pulogalamu yotolera deta, tsegulani akaunti yaulere, pangani fomu yanuyanu ya mafunso khumi, muyike KoboCollect pa foni ya Android nkufunsa anzanu a mu hositelo, kenako mutsitse mayankhowo mu Excel muwasanje. Imagwira popanda netiweki, nchifukwa chake mapulojekiti ambiri amaikonda. Chachiwiri ndi satifiketi ya malamulo a kafukufuku, TRREE amaphunzitsa ulere pa intaneti ndipo amapereka pepala mukakhoza, a zaumoyo wonjezerani ya GCP, malamulo a kachitidwe kabwino ka kafukufuku wa zachipatala, pa tsamba la Global Health Training Centre. Lekichala akaona mapepala amenewa amadziwa kuti sakuyamba nanu pa ziro. Chitumbuka, Chitonga kapena Chinkhonde chanu nachonso ndi luso, chilembeni pa CV, chifukwa kumasulira zimene agogo a ku Ekwendeni ananena pa tepi sikutheka ndi munthu amene anangotolera mau awiri atatu mu minibasi. Ingodziwani kuti ola limodzi la zojambula limatha kukudyerani tsiku lathunthu kulemba ndi kumasulira, muzikumbukira zimenezi pokambirana mtengo.

Kagogodedwe kake. Njira yabwino ndi kudzera kwa aphunzitsi anu a pa koleji, ambiri a iwo anaphunzira limodzi ndi malekichala amenewa kapena amakumana ku tchalitchi ndi kumaliro, mau awo amodzi amalemera kuposa maimelo anu asanu. Koma imelo lembanibe, yaifupi: ndine wakuti, ndili chaka chachiwiri cha zamagetsi, ndawerenga pepala lanu la zakuti ndipo pakuti pandipatsa chidwi, ndimatha Kobo ndi Chitumbuka, ndili ndi satifiketi ya TRREE, pa holide ndili omasuka kuyambira tsiku lakuti, kodi ndingabwere kudzakuonani mphindi khumi? Basi. Osayamba ndi mavuto a fizi, ngakhale ali enieni ndipo akukusowetsani tulo, chifukwa a Dokotala, lekichala uja, alibe mzere wa chifundo mu bajeti, ali ndi mzere wa ntchito. Akapanda kuyankha pakatha sabata ndi theka pitani ku ofesi, mupereke moni bwinobwino kwa asekilitale, mufunse nthawi imene amapezeka. Akati panopa palibe kanthu, pemphani kuti muzibwera kudzamvera ana awo akamapereka zotsatira za kafukufuku, nkhope yanu izolowereke.

Akakutengani, nkhani ya ndalama ikambidwe musanakwere galimoto. Ife timachita manyazi kufunsa akuluakulu za malipiro koma apa funsani mwaulemu: malipiro ndi a pa tsiku kapena pa fomu, thiransipoti ndi pogona zili mkati momwemo kapena padera, masiku a maphunziro oyambirira aja amalipira, msonkho adula, ndipo ndalama zibwera liti. Zilembedwe, ngakhale pa pepala limodzi losainidwa. Ndalama za mapulojekiti zimachedwa chifukwa zimadutsa ku akawunti, ndiye musakongole poyembekezera kuti Lachisanu zilowa. Ndipo aliyense amene akuti tumizani kangachepe pa Mpamba kapena Airtel Money kuti dzina lanu lilowe pa mndandanda ndi wakuba, pulojekiti yeniyeni silipiritsa munthu wofuna ntchito.

Tsopano apa ndi pamene pamandikhudza kwambiri. Kutolera deta nkulandira alawansi nkubwerera, ameneyo ndi ganyu, ndi wabwino koma amathera pomwepo. Kuti a Dokotala akhale mphunzitsi wanu weniweni muyenera kutsalira ntchito ya kumudzi ikatha. Pemphani kuthandiza kukonza deta, mukhale nawo akamakambirana zimene manambala akunena, mufunse chifukwa chimene anasankhira midzi iyi osati ina. Pakapita nthawi bwerani ndi kafunso kanu kakang'ono kochokera mu zimene munaona, mwina chifukwa chake mabatire a sola a m'dera lina akufa msanga, muwafunse ngati mungakalembe iwo akukuyang'anirani. Funsaninso poyera ngati dzina lanu lidzakhale pa olemba kapena pa othokozedwa, kutolera kokha nthawi zambiri kumakufikitsani pa othokozedwa, kulemba ndi kusanthula ndi kumene kumakukwezani. Kalata yokuchitirani umboni itengeni pulojekiti ikangotha akukukumbukirani bwino, idzakuthandizani pofunsira digiri kapena sikolashipu.

Pulojekiti iliyonse yokhudza anthu imayenera kukhala ndi chilolezo cha komiti yoona za malamulo a kafukufuku ngati MZUNIREC, NHSRC kapena NCRSH, ndiye muone kalata yake, ndipo munthu aliyense musanamufunse mumuwerengere fomu yovomereza m'chinenero chake, akakana mumusiye. Dzuwa likatentha, midzi ili patalipatali, anzanu ena adzakuuzani kuti tikhale pansi pa mtengo tingodzaza tokha. Musayerekeze. Kobo imasunga nthawi imene fomu yayamba ndi kutha, nthawi zambiri ndi GPS yomwe, ndipo malekichala a kuno amadziwana onse, kuphatikiza apo manambala abodzawo ndi amene wina adzagwiritse ntchito posankha mudzi woti ukumbiridwe mjigo.

Za makalasi, musathawe sukulu chifukwa cha alawansi. Ntchito ya kumudzi yesetsani igwere pa holide, ndipo ngati kosi yanu ili ndi atachimenti, pitani kwa apulinsipo kapena amene amayang'anira za atachimenti mufunse ngati miyezi ya pulojekitiyo ingawerengedwe, mutenge kalata yochokera kwa a Dokotala yofotokoza ntchito imene muzikagwira ndi amene azikasaina logbook yanu sabata iliyonse.