Mmene tingasonkhanitsire ndi kupereka thandizo kwa okhudzidwa ndi ngozi zogwa mwadzidzidzi

M'mudzi mukagwa zovuta, palibe amene amadikira kulemberedwa kalata kuti akathandize. Amayi amanyamula ufa m'mbale ndi nkhuni pamutu, adzukulu amatenga makasu kupita kumanda, ndipo pasiwa pamakhala munthu wokhulupirika wokhala ndi kope ndi cholembera, amene amalemba chipepeso chilichonse, chachikulu ndi chaching'ono chomwe, kuti chiwerengedwe pamaso pa anthu onse. Ndayamba ndi maliro chifukwa ndimakhulupirira kuti nzeru zofunika pothandiza anthu amene akhudzidwa ndi madzi osefukira, namondwe kapena njala tili nazo kale. Chimene chimativuta n'chakuti ovutikawo akakhala kutali, ku Nsanje kapena ku Phalombe, mwambo wabwinowu timauiwala, n'kuyamba kupereka mosalongosoka kapena kungosiyira boma ndi mabungwe akunja.

Tonse tikukumbukira zimene zinachitika m'mwezi wa Marichi 2023, pamene namondwe wa Freddy anagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba za ku Chilobwe, ndi kusakaza midzi ya ku Chiradzulu, Mulanje, Phalombe, Chikwawa ndi Nsanje. Anthu oposa 600 anatsimikizika kuti amwalira, ena mazanamazana sanapezeke, ndipo oposa 600,000 anathawa m'nyumba zawo n'kukaunjikana m'masukulu ndi m'matchalitchi, pa nthawi imene dziko linali kale pa mliri wa kolera. Freddy asanafike kunali Idai mu 2019, kenako Ana ndi Gombe mu 2022, ndipo mu 2024 ng'amba inachititsa kuti maboma 23 mwa 28 alengezedwe kuti ali pa ngozi. Tsoka lotere lidzabweranso, choncho ndi bwino kudziwiratu chochita.

Choyamba ndi kufunsa musanagule kanthu. Boma lililonse lili ndi mkulu woona za ngozi zogwa mwadzidzidzi ku ofesi ya DC, amene amagwira ntchito ndi DoDMA, nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi m'dziko lonse, ndipo pamsasa uliwonse wa anthu othawa ngozi pamakhala komiti imene imasunga kaundula wa mabanja. Anthu amenewa ndi amene amadziwa kuti msasa wakuti uli ndi ufa wokwanira sabata yonse koma ulibe ndowa, pamene msasa wina, umene msewu wake waduka, sunalandire kalikonse. Misasa ya m'mphepete mwa msewu wa tala imalandira kawirikawiri chifukwa njosavuta kufikako, pamene ya kutali imaiwalika. Mukaimba foni, funsani chiwerengero cha mabanja, cha ana aang'ono, cha amayi oyembekezera ndi cha okalamba, ndipo funsaninso chimene alandira kale kuti musabwereze zomwezo.

Pa nkhani ya katundu ndikufuna kuchedwapo pang'ono, chifukwa apa ndi pamene ambirife timalakwitsa ndi mtima wabwino. Munthu amene nyumba yake yakokoloka sakhala ndi poto, mbale, chikombe kapena mthiko, ndiye kum'patsa ufa wokha kuli ngati kum'patsa khasu lopanda mpini. Zimene zimafunika kwambiri masiku oyambirira ndi ufa, nyemba, soya, usipa kapena matemba, mafuta ophikira, mchere, Likuni Phala wa ana, ndowa zokhala ndi zovindikira, sopo, mankhwala a kulorini otetezera madzi akumwa, mabulangete, mphasa, masikito ndi mapepala apulasitiki ofolerera. Zitenje musaziiwale, pakuti chitenje chimodzi chimakhala chovala, chofunda ndiponso mbereko. Musaiwalenso zofunika kwa amayi ndi atsikana akakhala kumwezi, zimene iwo sangazitchule pagulu pamaso pa mafumu, koma akuzisowa kwambiri. Zovala zikhale zochapa, zosang'ambika, ndipo zisankhidwiretu, za ana pazokha, za amayi pazokha, za abambo pazokha, thumba lililonse litalembedwa pamwamba. Ndinaonapo ndi maso anga matumba a zovala zothaitha ndi nsapato zosagwirizana atafikitsidwa kwa anthu ovutika, ndipo manyazi amene ndinamva tsiku limenelo sindinawaiwale. Chimene simungam'patse m'bale wanu wa bere limodzi musachiike m'thumba la thandizo. Mankhwala a kuchipatala otsala kunyumba musapereke, ngakhalenso mkaka wa m'chitini wa makanda, chifukwa pamalo posowa madzi abwino mkaka wotere umatsegulitsa ana m'mimba. Zimenezo zisiyireni azaumoyo.

Nthawi zambiri ndalama zimathandiza kuposa katundu. Thumba la chimanga logulidwa ku Lilongwe limafuna galimoto ndi mafuta kuti likafike ku Bangula, pamene ndalama yomweyo ikatumizidwa imagula zofunika pamsika wapafupi, ngati msikawo ukugwira ntchito, ndipo banja limasankha lokha chimene likusowa. Koma ndalama ndi imenenso imakopa akamberembere. Tsoka likangogwa, pa WhatsApp ndi pa Facebook pamadzaza zithunzi zomvetsa chisoni pamodzi ndi manambala a Airtel Money ndi TNM Mpamba, ena oona, ena abodza. Musanatsimikize kutumiza, onani dzina limene latuluka pafoni ngati likugwirizana ndi la amene akupempha, ndipo ngati akunena kuti ndi bungwe, fufuzani ngati linalembetsedwa ku NGORA, bungwe la boma loyang'anira mabungwe omwe si aboma, komanso ngati akaunti ya kubanki ili m'dzina la bungwelo, osati la munthu. Pali mabungwe odziwika amene akhala akugwira ntchitoyi kwa zaka zambiri, monga Malawi Red Cross Society ndi CADECOM ya mpingo wa Katolika, ndiponso nthambi zachitukuko za masinodi a CCAP ndi mabungwe a Chisilamu. Tengani nambala yawo ku ofesi kwawo kapena pa tsamba lawo lenileni, osati mu uthenga umene wadutsa m'manja mwa anthu khumi.

Abale athu amene ali ku Johannesburg, ku Cape Town kapena ku London ali ndi gawo lalikulu pano, chifukwa ndalama zochepa za kumeneko zimagula zambiri zikasinthidwa kukhala makwacha. Iwo atumize kudzera m'njira zovomerezeka monga Mukuru kapena banki, kuti pakhale umboni, ndipo kumudzi kuno asankhe anthu awiri kapena atatu oti ayang'anire, osati mmodzi yekha.

Tsopano tinene za kulimbikitsa ena kuti asonkhe, kaya ndi kumpingo, kumzikiti, kuntchito, kubanki m'khonde kapena pa gulu la amene munaphunzira nawo limodzi. Anthu sakana kupereka chifukwa chouma mtima. Ambiri amakana chifukwa anapusitsidwapo, kapena chifukwa amaganiza kuti K1,000 yawo singasinthe kanthu. Choncho pempho lanu likhale lolunjika. M'malo monena kuti tithandize anthu a kuchigwa cha Shire, nenani kuti tikufuna ndowa 80 ndi mabulangete 80 a mabanja amene ali pasukulu yakuti, mtengo wake ndi wakuti, ndipo tikapereka Loweruka likubwerali. Munthu akamva zotere amaona pamene ndalama yake ikalowe. Inuyo amene mukupempha yambani ndinu kuponya yanu, pakuti palibe amene amatsatira mtsogoleri amene dzanja lake lili m'thumba. Musanyoze wopereka zochepa, ndipo musakakamize munthu pomuchititsa manyazi pagulu, chifukwa wopereka mokakamizidwa ulendo wotsatira amazemba.

Apa ndi pamene kope la chipepeso lija limagwira ntchito. Sankhani msungichuma ndi mlembi, anthu awiri osiyana amene si apachibale, ndipo madzulo aliwonse lengezani pagulu ndalama zimene zalowa ndi mayina a opereka, kupatula amene apempha kuti asatchulidwe. Pogula katundu tengani malisiti, ndipo ndalama za mafuta a galimoto zilembedwe poyera, osazibisa m'mitengo ya zinthu. Ntchito ikatha, werengerani anthu zonse mpaka tambala yomaliza. Ine ndimaona kuti lipoti limeneli ndi lofunika mofanana ndi thandizo lenilenilo, chifukwa gulu limene lawerengeredwa bwino lero silivuta kulipemphanso chaka chamawa.

Tsiku lokapereka, dzerani kwa a mfumu ndi komiti ya pamsasa, ndipo gawani motsatira kaundula, kuyambira okalamba, aulumali, amayi oyembekezera ndi ana amene akulera anzawo. Pagulu logawa pakhale amayi, ndipo nenani mokweza kuti thandizoli ndi laulere, kuti pasapezeke wina wofuna ndalama kapena thupi la mtsikana posinthana ndi dzina m'kaundula. Musasankhe chipembedzo, mtundu kapena chipani. Za zithunzi, kumbukirani kuti amene mukuwajambulawo dzana anali ndi nyumba zawo, nkhokwe zawo ndi ulemu wawo. Pemphani chilolezo, musajambule ana ali okha, ndipo musaimiritse agogo padzuwa kudikira kuti zolankhula za alendo zithe. Chithunzi cha katundu ndi siginecha ya komiti ndi umboni wokwanira kwa amene anasonkha.

Wopanda ndalama nayenso ali ndi chopereka. Angathe kupereka magazi ku Malawi Blood Transfusion Service, kubwereketsa galimoto kapena ngolo, kusankha ndi kulongedza zovala, kapena kusunga kunyumba kwake mwana wa sukulu amene kwawo kwagwa.

Pomaliza, musathere mphamvu zonse m'sabata yoyamba. Pamaliro, achibale enieni amadziwika anthu onse atabalalika, pamene amabweranso kudzazonda namfedwa, ndipo ndi mmene zililinso pa ngozi. Pakatha mwezi umodzi kapena iwiri misasa imatsekedwa kuti ana ayambirenso kuphunzira, atolankhani amatembenukira ku nkhani zina, ndipo mabanja amabwerera kumabwinja kumene kulibe denga, mbuzi kapena mbewu, minda itakwiririka ndi mchenga. Patulani gawo la ndalama zimene mwasonkha kuti mudzagule mbewu ya chimanga chocha msanga, nyemba ndi mbewu ya mbatata zolima kudimba m'nyengo yachisanu, komanso malata, misomali, makope ndi yunifolomu za ana. Lembani m'kope lanu nambala ya wapampando wa komiti ya m'mudzimo, ndipo mudzamuimbirenso mu Okutobala, mvula isanagwe, kuti mumve ngati ali ndi chobzala, kenako mu Januwale ndi Febuluwale, pamene nkhokwe zimakhala zitauma ndipo chimanga cha m'munda chisanache.