Mwana akayamba kudzigwirira botolo, inu musachoke

Makolo a ana omwa mkaka wa m'botolo amakonda kufunsa kuti mwana wawo ayamba liti kudzigwirira yekha botolo. Ena amafunsa ndi nkhawa, poona kuti mwana wa mnzawo anayamba kale pamene wawo amangotsegula kamwa manja ali lende. Koma ambiri, tisabisane, amafunsa chifukwa mkono watopa. Kumwetsa khanda usana ndi usiku kwa miyezi ingapo si ntchito yamasewera, ndipo palibe cholakwa kulakalaka tsiku lopumako.

Ana ambiri amayamba kugwira okha botolo pakati pa miyezi 6 ndi 10. Mpata wa miyezi inayi ndi waukulu, ndipo mwana woyamba pa miyezi 6 sanapose nzeru woyamba pa miyezi 10. Alipo ena amene sagwira n'komwe, amachoka pa bere kapena pa botolo logwiriridwa ndi mayi n'kupita ku kapu. Amenewanso ali bwinobwino. Mwana wina amatha kugwira chidole cholemera kuposa botolo, koma ikafika nthawi ya mkaka amasiya manja pansi dala, chifukwa akudziwa kuti nthawi imeneyo ndi yofungatiridwa.

Kugwira botolo kumaoneka ngati ntchito ya zala, pamene kwenikweni ndi ntchito ya thupi lonse. Khanda longobadwa kumene mukaliika chala m'chikhatho limafumbata zolimba, koma silinachite kufuna, ndi mmene thupi lake limachitira lokha, ndipo zimenezi zimazimiririka mwana akamafika miyezi 4 mpaka 6. Kufuna kumayamba kuoneka cha pa miyezi 4 kapena 5, pamene amatambasula dzanja kuti atole chinthu chimene wachiona, n'kuchipereka kukamwa. Nthawi imeneyi mukamam'mwetsa mudzaona timanja tikubwera kudzasisita botolo. Apo sanayambe kugwira, akungolidziwa. Cha pa miyezi 6 kapena 7 amayamba kulandizana chinthu kuchoka dzanja lina kupita lina, khosi ndi msana zalimba, ndipo wayamba kukhala tsonga. Zonsezi ziyenera kukumana kaye. Kumbukiraninso kulemera: botolo la mamililita 240 likadzaza limaposa kota ya kilogalamu, pamene mwana wa miyezi 6 amalemera makilogalamu 7 kapena 8 basi. Kulinyamula, kulipendeka bwino kuti mkaka ufike kunsonga, n'kulisunga pamenepo mpaka atakhuta, ndi katundu ndithu.

Ngati mwana anabadwa masiku asanakwane, werengani miyezi yake kuyambira tsiku limene anayenera kubadwa. Wobadwa kutatsala miyezi iwiri, akakwanitsa miyezi 8 muzimuyembekezera kuchita za mwana wa miyezi 6.

Tsono nkhani yaikulu ndi iyi. Mwana amayamba kudziwa kuika botolo pakamwa asanadziwe kulichotsa. Atha kuligwira mwamphamvu ndithu, koma mkaka ukamatuluka mothamanga kuposa mmene akumezera, sadziwa kuti achite kulitsitsa. Ndipo mwana akatsamwa kwambiri salira, chifukwa kulira kumafuna mpweya. Mayi amene ali panja akuchapa, kudalira kuti akamva kulira athamangira m'nyumba, samva kanthu. N'chifukwa chake mwana wodzigwirira botolo azimwera pamiyendo panu, kapena atakhala pamalo oti maso anu ali pa iye ndipo dzanja lanu lim'fikira nthawi yomweyo.

Choopsa kwambiri ndi chizolowezi chotsamiritsa botolo pa pilo kapena pa nsalu yopindapinda kuti mwana azimwa yekha ali gone. Ichi chilekeni, ngakhale kwa mphindi ziwiri. Botolo lotsamiritsidwa limapitiriza kudontha ngakhale mwana atasiya kuyamwa kapena atagona tulo, ndipo mkaka ukalowera njira ya mpweya umafika m'mapapo n'kuyambitsa chibayo, kapenanso kum'banikitsiratu. Pilo ndi nsaluzo nazonso zitha kum'phimba kumaso. Amene mumawasiyira mwana, kaya ndi agogo, wantchito kapena mkulu wake, auzeni zimenezi momveka, chifukwa nthawi zambiri munthu amatsamiritsa botolo ntchito zikamuchulukira, osati chifukwa cha nkhanza.

Kumwa chagada kulinso ndi mavuto ena amene saonekera tsiku lomwelo. Pali kanjira kolumikiza kummero ndi m'kati mwa khutu. Kwa munthu wamkulu kanjira kameneka n'kotsetsereka, koma kwa khanda n'kakafupi ndiponso kopingasa, moti mwana akamamwa atagona mkaka ndi tizilombo zimafika mosavuta kukhutu. Mapeto ake ndi khutu lopweteka, kutentha thupi, mwina mafinya. Vuto lina ndi la mano. Mano oyamba amamera cha pa miyezi 6, nthawi yomweyo imene mwana akuphunzira kugwira botolo. Mkaka uli ndi shuga wake wachilengedwe, ndipo munthu akagona malovu otsuka m'kamwa amachepa. Mwana wogona ndi botolo pakamwa amasamba mano mumkaka usiku wonse, ndipo oyamba kuola amakhala akutsogolo am'mwamba. Ena amati ndi mano aubwana, adzaguluka. Zoona adzaguluka, koma oyambawo amaguluka mwana ali ndi zaka pafupifupi 6, ndipo zaka zonsezo akhala akumva ululu. Choncho mwana amwe, mum'geyetse, mupukute nkhama ndi timano take ndi kansalu koyera konyowa, kenako akagone botolo litatsala.

Ngati mukufuna kum'thandiza kuphunzira, musachite mom'kakamiza. Dikirani zizindikiro: akukhala tsonga pang'ono ngakhale motsamira, akutola zinthu ndi manja awiri, ndipo akulondola botolo ndi manja mukamabwera nalo. Mukaziona, m'khazikeni pamiyendo panu mutu uli pamwamba kuposa mimba, ikani timanja take m'mbali mwa botolo, inu n'kugwirira kumatako kwake. Poyamba yesani mkaka utatsala pang'ono, botolo litapepuka, komanso njala itayamba kuchepa. Mwana wanjala alibe mtima wophunzira, amangolusa. Botolo laling'ono la mamililita 120 kapena 150 ndi losavuta kugwira kuposa lalikulu, ndipo alipo ena okhala ndi zogwirira m'mbali, ngakhale si zoti mpaka mukagule. Akalitaya, musalibwezere m'manja mwake mobwerezabwereza, ligwireni inu, mawa ndi tsikunso.

Mphamvu zambiri zogwirira botolo mwana amazipeza kutali ndi botololo. Kum'goneka chafufumimba ali maso, inu mukumuyang'anira, kumalimbitsa khosi, mapewa ndi mikono. Kum'patsa zinthu zoyera zoti azigwira ndi manja awiri, zazikulu moti sangazimeze, kumaphunzitsa zala. Mwana wokhala tsiku lonse womangidwa m'nsalu kapena m'kampando alibe mpata woyesera zimenezi.

Pali chinanso chimene chimatayika makolo akachoka. Mukam'gwirira botolo mumaona akakhuta: amatembenuzira mutu kumbali, amatseka pakamwa, timanja timamasuka, kapena amayamba kungoseweretsa nsonga ya mphira. Apo mumasiya, ngakhale mkaka utatsala. Mwana wosiyidwa yekha amayamwabe chifukwa kuyamwa kumam'tonthoza, ndipo amazolowera kumwa mopitirira. Pa chifukwa chomwecho musakulitse bowo la nsonga ndi singano kapena lumo kuti amalize msanga, ndipo musathire chakudya chilichonse cholimba m'botolo. Chakudya chowonjezera chimayamba pa miyezi 6, ndipo chimapita ndi supuni.

Ukhondo umavuta kwambiri mwana akayamba kudzigwirira, chifukwa botolo limayamba kuyenda. Ligwa pansi, litoledwa, libwerera kukamwa, kenako lipezeka pansi pa bedi madzulo. Mkaka wofunda ndi malo amene tizilombo toyambitsa kutsegula m'mimba timaswana msanga. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti mkaka waufa wa m'chitini usungunulidwe ndi madzi owiritsa amene sanazizire kutsika madigiri 70, chifukwa ufawo utha kukhala ndi tizilombo ngakhale chitini chili chatsopano, kenako uziziritsidwe mwana asanamwe, ndipo wosamwedwa pakatha maola awiri utayidwe. Dontheretsani pang'ono m'kati mwa mkono wanu kuti mumve ngati wazizira mokwanira. Mukamatsuka muziyang'ananso nsonga ya mphira. Mwana amene akumera mano amaitafuna, ndipo ikang'ambika kachidutswa katha kum'tsamwa.

Kwa amayi oyamwitsa, mawu ndi ochepa: musayambitse botolo pofuna kuti mwana aphunzire kuligwira. WHO imalimbikitsa kuyamwitsa mwakathithi miyezi 6 yoyamba, ndi kupitiriza kuyamwitsa mpaka zaka ziwiri kapena kupitirira. Mukafinya mkaka kuti ena am'mwetse inu mutachoka, kapu yaing'ono imagwira ntchitoyo, ndipo ndi yosavuta kutsuka kusiyana ndi botolo.

Kusagwira botolo pakokha si chifukwa chothamangira kuchipatala. Chofunika n'kuona mmene mwana akugwiritsira ntchito manja ake tsiku lonse. Kaonaneni ndi azaumoyo ngati pa miyezi 6 satambasula dzanja kuti atole chinthu, sapereka zinthu kukamwa, kapena zikhatho zimangokhala zofumbata. Chitaninso chimodzimodzi ngati amagwiritsa ntchito dzanja limodzi lokha lina lili phee, ngati thupi lake ndi lolobodoka kapena louma gwa, ngati pa miyezi 9 sakutha kukhala tsonga payekha, kapena ngati wasiya kuchita chinthu chimene ankachita kale. Mwana wokhosomola, wotsamwa kapena wosintha mtundu pamilomo nthawi iliyonse akamamwa nayenso aonedwe msanga.

Chodabwitsa n'chakuti luso limene makolo amalidikirira chonchi ndi la nthawi yochepa. Mwana akayamba kugwira botolo, ndiye kuti manja ake akonzekanso kuyesa kapu. Kuyambira pa miyezi 6 mutha kumamupatsa timadzi towiritsa pang'ono m'kapu yaing'ono pa nthawi ya chakudya, inu mukugwirira. Ataya, anyowetsa malaya, koma aphunzira. Bungwe la madokotala a ana ku America limalangiza kuti mwana asiye botolo pakati pa miyezi 12 ndi 18. Yambani ndi kuchotsa botolo la masana, limene mwana salisamala kwenikweni, kenako la m'mawa. La usiku ndi limene limavuta, ndipo limavuta kwambiri kwa mwana amene anazolowera kugona atalikumbatira.