Kadyedwe ka m'malesitilanti a maloji a mapaki a boma ku nyanja za kumadzulo kwa Kentucky

Ngati muli ku America ndipo mwaganiza zokaona nyanja ziwiri zija za kumadzulo kwa Kentucky, Kentucky Lake ndi Lake Barkley, nkhani ya komwe mukadye muiganiziretu musananyamuke chifukwa kumeneko ndi kumudzi ndithu, mutha kuyenda mtunda wautali mukungoona nkhalango ndi minda ya chimanga ndi soya, malo odyera osaoneka, ndipo ochepa omwe alipowo ambiri amadalira sizoni ya alendo. Chomwe chimapulumutsa anthu ndi malesitilanti a m'maloji a mapaki a boma. Kentucky ili ndi mapaki 17 omwe amawatcha state resort parks, kutanthauza kuti muli loji yogona komanso podyera, ndipo ubwino wake pageti salipiritsa komanso sikuti mpaka mugone pa lojipo kuti mudye, mumangoimika galimoto nkulowa basi.

Nyanjazi si zachilengedwe, ndi madamu. Kentucky Dam anamaliza kumanga a TVA (Tennessee Valley Authority, bungwe la boma la America) mu 1944 pa mtsinje wa Tennessee, pomwe Barkley Dam inatha mu 1966 pa mtsinje wa Cumberland ndipo dzinalo ndi la Alben Barkley yemwe anali wachiwiri kwa pulezidenti Truman. Pakati pa nyanja ziwirizi pali chigawo chachikulu cha nkhalango, Land Between the Lakes, cha maekala pafupifupi 170,000 chomwe chinakhazikitsidwa mu 1963, ndipo apa ndi pomwe ambiri amapusitsika, amalowa mmenemo mmawa poganiza kuti nkhomaliro aipeza panjira koma mkatimo mulibe tauni, anthu omwe ankakhalamo anasamutsidwa kalekale. Ndiye maloji ali m'mbali mwake: Kentucky Dam Village ku Gilbertsville komwe lesitilanti yake ndi Harbor Lights, Kenlake kufupi ndi Aurora komwe kuli Aurora Landing, ndi Lake Barkley State Resort Park kufupi ndi Cadiz komwe kuli Windows on the Water. Mukatsikira kummwera nkulowa Tennessee kulinso loji ya Paris Landing pa Kentucky Lake yomweyo, inamangidwanso mwatsopano nkutsegulidwa mu 2022.

Choyamba kwenikweni, imbani foni. Tsiku lomwelo mmawa, imbirani pa lisepushoni ya lojiyo mufunse ngati lesitilanti ikutsegula lero, ikutseka nthawi yanji, ndipo ngati kuli bufe kapena menyu. Musadalire zomwe Google Maps ikuonetsa, malo awa amayendera sizoni komanso kuchuluka kwa antchito omwe alipo sabata imeneyo. Kuyambira Memorial Day kumapeto kwa Meyi mpaka Labor Day kumayambiriro kwa Seputembala zinthu zimayenda bwino, koma nyengo yozizira ikafika ena amachepetsa masiku, ena amangotsegula kumapeto kwa sabata, komanso maloji ambiri ndi akale ndiye nthawi zina boma limatseka loji yonse kuti likonze. Kuimbako kumatenga mphindi ziwiri koma kumakupulumutsani ku ulendo wa ola lathunthu ndi ana anjala kumbuyo kwa galimoto. Ndipo imbani muli pomwe netiweki ilipo chifukwa mkati mwa nkhalango ija imaduladula.

Mufunsenso za nthawi yopumira, poti ambiri amagawa tsiku patatu, kadzutsa, nkhomaliro ndi mgonero, ndipo pakati pa nkhomaliro ndi mgonero khitchini imatha kutsekedwa, ukafika 3 koloko masana umangopeza matebulo opukutidwa bwinobwino koma wokulandira palibe. Madzulonso satseka mochedwa ngati mutauni, anthu akumeneko amadya mgonero molawirira ndiye mukafika cha m'ma 5 kapena 6 muli bwino, koma zoti tiyambe tasambira kaye tikadye 9 koloko usiku iwalani. Samalaninso ndi wotchi, kumadzulo kwa Kentucky amayendera Central Time pomwe Louisville ndi Lexington ali pa Eastern Time, kusiyana ola limodzi, ndiye ngati mwachokera kumeneko onetsetsani kuti foni yasintha yokha.

Mukalowa musathamangire kukhala, imani pakhomo pomwepo wina abwere akulondolereni patebulo, ndipo apa musachite manyazi, pemphani tebulo la pawindo ngakhale akuuzeni kuti mudikire pang'ono. Ine ndimaona kuti theka la zomwe mukulipira ndi windolo. Loji ya Lake Barkley anaijambula Edward Durell Stone, yemwe anajambulanso nyumba ya zisudzo ndi nyimbo ya Kennedy Center ku Washington, inatsegulidwa mu 1970 ndipo ndi matabwa akuluakulu ndi magalasi okhaokha kuyang'ana kumadzi, ukakhala pamenepo umaona maboti a asodzi akubwerera, mbalame zikuwedza m'mbali, nthawi yozizira mwinanso nkhwazi za mutu woyera zija chifukwa zimachuluka kuderali mu Januwale ndi Febuluwale. Kenlake ili kugombe la kumadzulo kwa Kentucky Lake ndiye dzuwa limatulukira kutsidya kwa madzi, kumeneko kadzutsa ndiye amakoma. Kumbukirani kuti mu Juni dzuwa limalowa 8 koloko itadutsa pomwe mu Disembala 5 koloko isanakwane kwada kale, ndiye nthawi yozizira ngati mukufuna kuona nyanja pitani pa nkhomaliro, usiku pawindo mumangodziona nokha pagalasi.

Tsopano zoti muitanitse. Langizo langa ndi loti idyani zomwe anthu akumeneko amaphika tsiku ndi tsiku, ma burger ndi pasta mudzadya kwina. Mfumu ya menyu ndi mlamba wokazinga, amaupaka ufa wa chimanga wokhala ndi mchere ndi tsabola nkuuviika m'mafuta otentha, kunja kumakhala khirichi mkati mofewa moyera, ndipo umabwera ndi hushpuppies, timipira ta ufa wa chimanga ndi anyezi tokazinganso m'mafuta, kuphatikiza kabichi wodulidwa tating'ono wosakaniza ndi mayonezi, ndi nyemba zoyera. Udyeni uli wotentha, mukayamba ndi kujambula zithunzi mphindi khumi khirichi uja amatha. Musaganize kuti poti nyanja ili pawindopo ndiye kuti nsombayo yavuulidwa pompo, mlamba wambiri wa m'malesitilanti a ku America ndi woweta m'maiwe, makamaka ku Mississippi ndi Alabama, ndipo nsomba zomwe asodzi amathamangira kunyanjazi monga crappie ndi bass lamulo sililola kugulitsa, ndiye pa menyu simuzipeza, amene wazifuna amakawedza yekha ndi laisensi.

China chodziwika ndi Hot Brown, chomwe chinayambira ku Brown Hotel ku Louisville mu 1926. Ndi buledi wowamba pansi, pamwamba nyama ya nkhukundembo, kenako msuzi wolemera wa mkaka ndi tchizi, bekoni ndi tomato, nkuziika mu uvuni mpaka pamwamba pachite bulauni. Nchokoma koma ncholemetsa kwambiri, ngati mukuyendetsa galimoto ulendo wautali masana omwewo gawanani awiri. Palinso country ham, nyama ya nkhumba yosungidwa mu mchere miyezi yambiri, Cadiz ili mu Trigg County komwe amainyadira mpaka amachita chikondwerero chake mu Okutobala. Ndikuchenjezeni, ndi yamchere kwambiri, imadyedwa pang'onopang'ono ndi biscuit, ndipo biscuit wa kumeneko si wotsekemera wa mupaketi ayi, ndi kabuledi kofewa kotentha kosweka mosavuta. Pa kadzutsa amamuthira msuzi woyera wa soseji, pambali grits lomwe ndi phala la chimanga chogaya mokhakhala lothira batala ndi mchere. Akakufunsani mazira muwafuna bwanji khalani ndi yankho, scrambled ndi ovundula, over easy ndi okazinga mbali zonse koma chachikasu cha mkati chili chamadzi, over hard ndi opsa mpaka mkati.

Kwa amene simudya nkhumba apa mpofunika kutsegula maso kwambiri, chifukwa kaphikidwe ka kummwera kwa America amaika nkhumba ngakhale mu ndiwo zomwe zikuoneka zamasamba. Zitheba zimawiritsidwa ndi tizidutswa ta ham kapena bekoni, nyemba chimodzimodzi, masamba a tanaposi chimodzimodzi, ndipo pa menyu sizilembedwa popeza kwa iwo ndi mmene zimaphikidwira basi. Funsani weta mwachindunji kuti kodi muli nkhumba mmenemu, sakwiya, ngati sakudziwa amakafunsa kukhitchini. Osadya nyama konse mupeza saladi, mbatata yowotcha, makaroni a tchizi ndi zina zochepa, koma musayembekezere zambiri, ndi bwino kunena pomwe mukuimba foni paja.

Za zakumwa, madzi amabwera aulere ndi ayisi wodzadza tambula, ngati simufuna ayisi nenani poyambirira. Mukangoti tiyi akubweretserani wozizira, ndipo akufunsani sweet kapena unsweet, woyambayo ali ndi shuga wochuluka zedi, wotentha muyenera kuchita kutchula kuti hot tea. Khofi, tiyi wozizira ndi zakumwa za pamakina nthawi zambiri amakuwonjezerani osalipiritsanso. Mowa ndi nkhani ina, Kentucky ili ndi madera ena oletsa kapena ochepetsa kugulitsa mowa, malamulo amasiyana dera ndi dera ndiponso Lamlungu, ndiye funsani, ndipo tengani ID kapena pasipoti chifukwa zaka zovomerezeka ndi 21 ndipo amatha kukufunsani ngakhale muli ndi imvi.

Masiku a bufe ndi omwe malowa amadzadza. Lamlungu masana anthu akatuluka kutchalitchi amabwera mabanja athunthu, agogo, zidzukulu, onse atatchena, ndiye kapena fikani 12 koloko isanakwane kapena dikirani gulu loyambalo lichoke. Pa Isitala, pa Mother's Day Lamlungu lachiwiri la Meyi, ndi pa Thanksgiving Lachinayi lachinayi la Novembala funsani za kubukitsa kudakali masabata angapo, makamaka ngati muli gulu. Pa bufe mumabwereza mmene mungafunire koma ulendo uliwonse tengani mbale yatsopano, yakale isiyeni patebulo weta adzachotsa, ndipo zotsala za pa bufe salola kunyamula. Mukaitanitsa za pa menyu ndiye zosiyana, pemphani bokosi mulongedze, palibe amene angakuyang'aneni modabwa. Siyani malo m'mimba a zotsekemera monga banana pudding kapena cobbler ya mapichesi yotentha (zipatso zowotcha mu uvuni zokutidwa ndi ufa wokanda), zimenezi amaziphika bwino kwambiri.

Pa bilu pamafunika masamu pang'ono popeza mtengo wa pa menyu si womaliza. Ku Kentucky amawonjezera msonkho wa 6 peresenti, ku Tennessee umadutsa 9 peresenti m'madera ambiri, kenako pali tipi yomwe ku America konse imayembekezereka, pakati pa 15 ndi 20 peresenti. Tinene kuti mwadya za $20 ku Kentucky, msonkho ndi $1.20, tipi $3 kapena $4, ndiye mutuluka mutasiya pafupifupi $25. Mukalipira pa khadi lisiti imabwera ndi mzere wopanda kanthu, mumalemba tipi ndi peni, nkulemba zonse pamodzi pansi pake, nkusaina. Pa bufe musadumphe tipi poganiza kuti mwadzitengera nokha, munthu uja wakhala akukudzadzirani tambula ndi kuchotsa mbale. Ngati muli gulu lalikulu yang'anani kaye ngati sanaiphatikize kale, ndipo ngati aliyense alipira zake muuzeni weta poyamba pomwe musanaitanitse. Malo ena bilu amakusiyirani patebulo koma kolipira ndi pa kauntala potuluka, onani mmene anzanu akuchitira. Zovala musavutike nazo, jinzi ndi tisheti zili bwino, bola nsapato ndi malaya zikhalepo, osalowa ndi zosambira zonyowa. Ndipo khalani oleza mtima ndi antchito, nthawi zambiri amakhala ochepa pa holo yaikulu, chakudya chikachedwa pang'ono si mwano.

Mukadya ku Kenlake patulani theka la ola mukaone Cherokee, malo omwe pano ali mbali ya paki yomweyi. Inatsegulidwa mu 1951 ngati paki ya anthu akuda pa nthawi ya tsankho pomwe sankaloledwa m'mapaki enawa, inatsekedwa m'zaka za m'ma 1960 tsankho la m'mapaki litathetsedwa, ndipo nyumba yomwe ankadyeramo idakalipo pamwamba poyang'ana nyanja. Funsani pa lisepushoni akulozerani njira. Kenako pobwerera, makamaka ngati kwayamba kuda, thirani mafuta pa filing'i siteshoni yoyamba yomwe mwaiona chifukwa zili patalipatali, ndipo yendetsani pang'onopang'ono m'misewu ya mupaki ndi pa US 68 podutsa pakati pa nyanja ziwirizi, agwape amadumphira mumsewu madzulo, kwambiri mu Okutobala ndi Novembala, ndipo mukaona mmodzi wawoloka pondani buleki chifukwa kawirikawiri kumbuyo kwake kumakhala ena.