Momwe mungayesere kuti umount isadzakakamirenso pa disiki yokhala ndi quota

Pulogalamu ikagwa imasiya uthenga, koma umount, lamulo la pa Linux lochotsa disiki yomwe inalumikizidwa ndi mount, ikakakamira imangokhala chete. Mukayang'ana ndi ps mupeza ili pa D, kutanthauza kuti yagona mkati mwa kernel, yemwe ndi mtima wa Linux, ndipo ngakhale kill -9 siyidzutsa. Apa ndiye pali kuvuta kwa mayeso otere: salephera monga amalepherera mayeso ena, amangosiya kuyenda. Ntchito yanu yaikulu ndi kukonza njira yoti muone kukakamirako muli kunja, ndi kutsimikiza kuti mayeso anu amaligwiradi vutolo.

Muyambe mwadziwa chomwe mukusaka. Quota ndi malire a malo ndi mafayilo omwe munthu angagwiritse ntchito pa disiki. Pa Linux, malo ndi chiwerengero cha mafayilo a munthu aliyense, gulu kapena project zimasungidwa mu memory m'kachinthu kotchedwa dquot. Inode (kachinthu kosunga mbiri ya fayilo) iliyonse yomwe ikuwerengedwa imagwira dquot yake, ndipo kernel imawerenga kuti ogwirawo ndi angati. Pa umount, kernel iyenera kulemba ku disiki ma dquot onse osintha, kenako kudikira kuti onse ogwira atayeko. Ndiye ngati penapake mu code panagwiridwa dquot osatayidwa, kudikirako kulibe mapeto. Kawirikawiri zimachitika m'njira zothana ndi zolakwika, zomwe sizidutsidwa masiku onse. Nthawi zina ndi dquot yomwe ikuyembekezera kulembedwa pa disiki yomwe yasiya kuyankha, nthawi zinanso ndi maloko awiri odikirana. Uthenga wa "target is busy" si vuto limeneli ayi. Pamenepo umount yakana ndipo yabwerera, winawake wangotsegula fayilo.

Choyamba, konzani makina a VM, kompyuta yoyerekeza yoyenda mkati mwa ina, monga a QEMU. Musayesere pa kompyuta yomwe mumagwirira ntchito, chifukwa mayeso akayenda bwino makinawo adzafunika kuzimitsidwa mokakamiza. Ikani console=ttyS0 pa mzere woyambitsira kernel ndipo zonse zotuluka pa serial zizilembedwa mu fayilo ya kunja kwa VM. Mukadalira log ya mkati, mudzaipeza ilibe mizere yomaliza, yomwe ndi imene mumaifuna. Amene safuna kumanga zonsezi pamanja angagwiritse ntchito kvm-xfstests ya Theodore Ts'o.

Kernel yoyesera ikhale ndi CONFIG_DETECT_HUNG_TASK. Imeneyi ndi yomwe imalemba kuti ntchito yakuti yatsekeka "for more than 120 seconds". Masekondi 120 amachuluka mukamabwereza mayeso kambirimbiri, choncho tsitsani kernel.hung_task_timeout_secs ndi sysctl, mwina kufika pa 30. Onjezani CONFIG_PROVE_LOCKING, yomwe imayatsa lockdep, choyang'anira maloko a kernel, pakuti imatha kudandaula za maloko otengedwa mosemphana ngakhale pa ulendo womwe sanatsekerane. Oyesa XFS ayatsenso CONFIG_XFS_DEBUG.

Chachiwiri ndi fstests, gulu la mayeso a ma file system, yomwe ambiri amaitchulabe xfstests. Inayambira ku SGI poyesa XFS, koma lero imayesanso ext4, btrfs, f2fs ndi ena. Mu local.config lembani FSTYP, TEST_DEV, TEST_DIR, SCRATCH_DEV ndi SCRATCH_MNT. Disiki ya scratch imafufutidwa pafupifupi pa mayeso aliwonse, ndiye onani dzina lake kawiri. Pangani munthu ndi gulu la fsgqa, chifukwa mayeso a quota ambiri sayenda popanda iwo. Kenako yendetsani ./check -g quota musanalembe kalikonse, kuti mudziwe zomwe zikulephera kale pa makina anuwo, ndiponso kuti muone ngati wina sanalembe kale mayeso omwe mukufuna.

Tsopano lembani anu. Lamulo la ./new generic limakupatsani nambala ndi mafayilo awiri, la script ndi la .out. Ngati vuto ndi la file system imodzi yokha, ikani mu tests/xfs kapena tests/ext4, koma ine ndimakonda generic paliponse pamene zingatheke, chifukwa vuto la dquot lomwe lapezeka kwina limakonda kukhala ndi mbale wake kwinanso. Kumutu kwa script ikani _begin_fstest ndi magulu ake monga auto ndi quota, itanani common/quota, kenako _require_scratch, _require_quota ndi _require_user. Pangani file system ndi _scratch_mkfs, sankhani mtundu wa quota ndi _qmount_option, monga usrquota ndi grpquota, ndipo pangani mount ndi _qmount.

Pakati pa script ndi pamene pafunika kuleza mtima. Kulemba fayilo imodzi n'kupanga umount sikupeza kanthu, njira imeneyo imadutsidwa tsiku lililonse pa makina ambirimbiri. Muyenera kukankhira kernel m'njira yomwe inalakwikayo, ndipo uthenga wa patch, kusintha kwa code komwe kunakonza vutolo, ndi womwe ungakuuzeni njirayo. Ngati vuto linali pa kudzaza quota, ikani malire aang'ono ndi setquota kapena xfs_quota -x, ndipo fsgqa alembe mpaka alandire EDQUOT, uthenga woti quota yadzaza, ayesenso mkdir, rename ndi symlink atafika kale pa malire. Ngati linali pa kusintha mwini fayilo, pangani chown kupita ku ma ID ambiri osiyana, kuti ma dquot achuluke. Ngati linali pa disiki yolakwika, gwiritsani ntchito dm-error kudzera mu common/dmerror: yambitsani fsstress, pulogalamu yopanikiza file system ndi ntchito zambiri, sinthani table ya dm-error kuti zolemba zonse zizilephera, imitsani fsstress, kenako umount. Njira ina ndi _scratch_shutdown, yomwe imazimitsa file system mwadzidzidzi ma dquot asanalembedwe.

Pa XFS samalani zinthu ziwiri. Mu /sys/fs/xfs muli fail_at_unmount, yomwe ikakhala pa 1 imalola kernel kusiya kubwereza zolemba zolephera pa nthawi ya umount. Ikakhala pa 0 ndipo disiki ikulepherabe, umount ingathe kudikira mpaka kalekale mwadala, ndipo mudzataya nthawi kusaka vuto lomwe palibe. Chachiwiri, kuyambira pa Linux 5.15, XFS sikulolanso kuzimitsa kuwerenga kwa quota file system ili pa mount, imangozimitsa kukakamiza malire. Mayeso othamangitsa quotaoff ndi umount sadutsanso njira yakale pa ma kernel atsopano. Pa ext4 yesani mitundu yonse iwiri, ya mafayilo a aquota.user ndi ya mkfs -O quota, chifukwa siziyatsidwa mofanana.

Mapeto a script akhale _scratch_unmount weniweni. Musaike umount -l, imabwerera msanga n'kubisa vuto lomwe mukulisaka. Musadalirenso lamulo la timeout, pakuti limangotumiza signal kwa ntchito yomwe siikumva. Wowerenga nthawi akhale kunja kwa VM: ikapyola nthawi yoikika, asunge log ya serial, azimitse makina, alembe kuti mayeso alephera. Kuyatsa kernel.hung_task_panic kumafupikitsa zimenezi. Ngati script ilibe chosindikiza, mwambo wa fstests ndi kulemba "Silence is golden" mu script ndi mu .out momwe.

Kenako yesani mayesowo. Anthu ambiri amadumpha apa, ndipo ndi pomwe pamabadwira mayeso omwe amapambana pa kernel iliyonse chifukwa sakhudza kalikonse. Mangani kernel yopanda patch, yendetsani, ndipo ikakakamira lembani echo w > /proc/sysrq-trigger kapena werengani /proc/PID/stack ya umount. Mukufuna kuona mayina monga xfs_qm_dqpurge kapena dquot_disable, ofanana ndi omwe ali mu lipoti la amene anayamba kuona vutolo. Ikakakamira pena, mwapeza vuto lina, lomwe ndi labwino kulilemba koma si lomwe mumayesa. Bwezerani patch, yendetsaninso ndi ./check -i 50 kapena kuposa. Mavuto othamangitsana saoneka ulendo uliwonse, ndiye onani kuti pa kernel yakale amagwidwa kangati, ndipo ngati ndi mwa apo ndi apo, onjezani kubwereza mkati mwa script.

Musanatumize, lembani commit yokonza vutolo ndi _fixed_by_kernel_commit, kuti yemwe makina ake adzakakamire adziwe patch yomwe akusowa. Ngati patch sinalowebe mu kernel yaikulu, ikani mayesowo m'gulu la dangerous m'malo mwa auto, mudzawasamutse ikalowa.