Mmene mungagwirire ndi kuyang'anitsitsa hydra ndi planaria

Munthu wofuna kumvetsa mmene matupi a nyama zoyambirira anali kupangidwira angayambire padziwe lapafupi, chifukwa m'madzi abata ndi m'timitsinje mumakhala tinyama tiwiri topanda fupa la msana, hydra ndi planaria, timene timaonetsa mapangidwe awiri akale kwambiri a thupi la nyama. Zida zofunika ndi zochepa: mabotolo awiri agalasi otsukidwa bwino opanda fungo la sopo, galasi lokulitsira zinthu, nthenga yofewa, lezala latsopano ndi kachidutswa ka chiwindi cha nkhuku chosaphika.

Musanakhudze madziwo, valani jombo ndi magolovesi. Madzi odekha okhala ndi nkhono ndiwo amafalitsa likodzo, ndipo nyongolotsi yoyambitsa matendawa ili m'gulu limodzi la nyongolotsi zaphanthiphanthi ndi planaria amene mukumufunafunayo, kungoti iyo inasanduka yodalira magazi a munthu.

Kuti mupeze hydra, zulani masamba a kakombo ndi mizu ya namasupuni, muziike m'botolo pamodzi ndi madzi a padziwe lomwelo, kenaka muimike botololo pawindo posafika dzuwa lamphamvu. Musagwiritse ntchito madzi a pampopi, popeza klorini amapha tinyamati msanga. Apa pamafunika kudekha, pakuti hydra akagwedezeka amadzikunga n'kukhala ngati kadontho ka dothi, ndipo ambiri amataya madziwo poganiza kuti sanagwire kanthu. Botololo likagona usiku umodzi osasunthidwa, mudzaona timaulusi totalika pafupifupi sentimita imodzi titamatirira pagalasi, tili ndi timanja tingapo tozungulira pakamwa. Tina timakhala tobiriwira chifukwa cha ndere zokhala m'kati mwa maselo ake, ndipo timeneti timasonkhana mbali imene kukuchokera kuwala.

Poyang'ana ndi galasi lokulitsira, onani kuti kanyamaka kalibe kumanja kapena kumanzere, kutsogolo kapena kumbuyo. Thupi lake ndi kathumba ka mizere iwiri ya maselo kokhala ndi khomo limodzi, limene chakudya chimalowera ndiponso zotsala zimatulukira. Ubongo kalibe, koma minyewa yake inayalidwa thupi lonse ngati ukonde. Mukathiramo tinsabwe ta m'madzi timene timadumphadumpha padziwe, mudzaona kamodzi katagunda kadzanja n'kuuma nthawi yomweyo chifukwa cha maselo obaya okhala ndi ululu, ofanana ndi a jellyfish, nyama yofewa yooneka ngati ambulera ya m'nyanja zamchere, imene ndi wachibale wake. Hydra wodya bwino amaphuka kamwana m'nthiti ngati nthambi, ndipo pakapita masiku angapo kamwanako kamathothoka. Kanyamaka kanazunguza Abraham Trembley wa ku Geneva, amene mu 1740 anadula hydra pakati pofuna kudziwa ngati ndi chomera kapena nyama, n'kupeza kuti chidutswa chilichonse chinakula kukhala kanyama kathunthu.

Planaria amakonda mthunzi, choncho tembenuzani miyala ya m'timitsinje tozizira ndipo muyang'ane kunsi kwake. Ngati simukumuona, mangani chiwindi chija ku ulusi, muchisiye m'madzi osaya kwa ola limodzi kapena awiri, ndipo tinyongolotsi takuda kapena totuwa tidzachiunjirira. Tikokoloreni m'botolo lachiwiri ndi nthenga, osati ndi zala, chifukwa matupi ake amaphwanyika mosavuta.

Kusiyana kwake ndi hydra kumaonekera nthawi yomweyo, ndipo m'pamene pali phunziro lalikulu. Planaria ali ndi mutu wokhala ndi timadontho tiwiri tozindikira kuwala, ali ndi mbali ziwiri zofanana, ndipo amatsetsereka molunjika kutsogolo. Phimbani theka la mbale ndi pepala lakuda, mudzamuona akuthawira kumdima. Thupi lake lili ndi mizere itatu ya maselo komanso kaubongo kakang'ono, ngakhale kuti pakamwa pake pali chapakati pamimba, pamene amatulutsira kapaipi koyamwira chakudya. Nyama ikayamba kuyenda molunjika, ziwalo zomvera zimasonkhana kumbali imene imayamba kukumana ndi chakudya kapena mdani, ndipo umo ndi mmene mutu unayambira. Miyala ya kum'mwera kwa Australia inasunga zizindikiro za kanyama kotchedwa Ikaria, kaukulu ngati njere ya mpunga, kamene kanali kale ndi kutsogolo ndi kumbuyo zaka pafupifupi 555 miliyoni zapitazo, isanafike nyengo ya Cambrian imene magulu ambiri a nyama anayamba kuoneka, yomwe inayamba zaka pafupifupi 539 miliyoni zapitazo. Komabe musamauze ophunzira kuti hydra kapena planaria ndi makolo a nyama zina. Nawonso akhala akusinthika nthawi yonseyi, ndipo chimene anasunga ndi mapangidwe akale a thupi basi.

Kuyesa kumera kwa ziwalo kumafuna ukhondo kuposa luso. Musam'dyetse planaria kwa sabata imodzi, kuti zotsala za m'mimba zisaipitse bala. Muikeni papepala lonyowa loyalidwa pa madzi oundana kuti aleke kuyenda, ndipo akatambasuka mum'dule kamodzi mopingasa, pakati pa mutu ndi pakamwa. Ikani chidutswa chilichonse m'mbale yakeyake, musunge mbalezo pamdima pozizira, ndipo musinthe madzi pakatha masiku awiri alionse popanda kupereka chakudya. Pabala pamatuluka kachotupa koyererako kopangidwa ndi maselo apadera otha kusanduka chiwalo chilichonse, ndipo pakatha sabata imodzi kapena ziwiri chidutswa cha mchira chimakhala chitamera mutu ndi maso ake. Thomas Hunt Morgan, pofufuza zimenezi mu 1898, anawerengera kuti kachidutswa kochepa ngati gawo limodzi mwa magawo 279 a thupi kangamere n'kukhala kanyama kathunthu, koma woyamba kumene angodula pawiri, chifukwa tizidutswa ting'onoting'ono timafa msanga kukatentha. Jambulani chidutswa chilichonse m'kope tsiku ndi tsiku, mulembe tsiku limene maso anayamba kuoneka, ndipo mukamaliza mubwezere tinyamato pamalo pomwe munatitenga, mabotolowo muwatsuke ndi madzi owira.