Guluu wogwira msanga uja wandithandiza pa mafelemu

Anzanga a ku Glen View Area 8, malo opangira mipando ku Harare, vuto langa linali pa makona a mafelemu a paini, guluu wa matabwa wa PVA wamadzimadzi uja amangolowa mu thabwa pomwe mwadula mopingasa, jointi nkutsala youma, komanso amayenderera mukaimika chinthucho.

Ndinagula wa PVA womwewo koma wolimbirako ngati phala, wogwira msanga. Ameneyu sayenderera ayi, amakhala pomwe mwamuika. Koma nthawi yolumikizira asanagwire ndi yochepa zedi makamaka kutentha kwa Okutobala kuno ku Harare, ndiye ndimayamba kaye ndalumikiza zonse popanda guluu, makilampu ali pafupi, ndikaona kuti zalowana bwino ndipamene ndimapaka. Kumapeto kwa thabwa ndimapaka pang'ono kaye kuti amwe, kenako ndikupakanso nkumanga nthawi yomweyo. Wotuluka m'mbali pukutani ndi kansalu konyowa asanaume, apo ayi vanishi sagwira pamenepo.

Chonde musapusitsidwe poti wagwira msanga, mpatseni maola 24 musanayike katundu. Pa tebulo lalikulu la majointi ambiri ndimagwiritsabe wakale uja, uyu sangakudikireni.